Tinsonga ta pafupi ndi laser tikamamira pa makina a Raman, yambirani apa

Chaka chilichonse ikangofika Okutobala, kenako pakati pa dzinja cha mu Febuluwale, makina anga a Raman, opimira miyala powalitsa laser nkuwerenga kuwala kobwerera, amayamba misala yomweyomweyo, ndipo anzanga angapo amene ali ndi makina ngati awa akhala akundiimbira ndi dandaulo limodzimodzi, ndiye ndati bola ndingolemba kamodzi m'malo moti tizithera talktime pa nkhani imodzi. Ine ntchito yanga ndi kupima miyala pano pa Chipata, makamaka aquamarine ndi tourmaline imene anyamata amabwera nayo kuchokera ku Lundazi atamanga pa kansalu. Makina anga ndi a laser ya 785 nm (nm ndi muyeso wa mtundu wa kuwala), a salaula, ndinagula atagwira kale ntchito kwina zaka zingapo, ndiye matenda awo ndikuwadziwa ngati a mwana wanga.

Vutolo limaoneka chonchi. Mwaika mwala, mwayatsa laser, pa skirini kumanja zonse zili bwinobwino, koma kumanzere kumene kuli manambala ang'onoang'ono, kuyambira cha pa 200 kutsika, mzere wakwera ngati phiri la Kanjala ndipo tinsonga tonse ta kumeneko, tija timatiuza kuti mwalawo ndi wanji, tamira. Tsiku lina umakwera mpaka kugunda denga nkukhala fulati pamwamba, ngati makina anu amawerenga mpaka 65535 mudzaona nambala yomweyo itangoima njo. Ambiri akaona izi amathamangira kunena kuti fyuluta, kagalasi kosefa kuwala, yafa tiitanitse ina. Ine ndinachitapo zimenezo, ndinadikira phukusi masabata angapo, nditaika yatsopano phiri lija linali pompo likundiyang'ana.

Muyambe mwamvetsa chimene fyulutayo ikulimbana nacho. Laser ikagunda mwala pafupifupi kuwala konse kumabwerera ndi mtundu womwewo, kumeneko ndiye amati Rayleigh. Kamene kamasintha mtundu pang'ono, kamene C. V. Raman anakatulukira ku India mu 1928 nkulandira nako Nobel mu 1930, ndi kochepa moti pa timbewu ta kuwala miliyoni imodzi kapena mamiliyoni khumi mumapezeka kamodzi chabe. Zili ngati mwaima pafupi ndi chigayo cha dizilo chikugaya ndipo mukufuna kumva kulira kwa udzudzu. Ntchito ya fyuluta ndi kutseka phokoso la chigayo osapha udzudzu. Akalemba OD 6 pa kabokosi ndiye kuti ikuchepetsa kuwala kwa laser ka miliyoni imodzi. Manje vuto ndi lakuti udzudzu wina umalirira pafupi penipeni ndi chigayocho. Pa laser ya 785 nm, kusuntha kwa 100 cm-1 (cm-1 ndiye muyeso wa manambala a pa skirini aja) ndi ma nm 6 chabe, pa laser yobiriwira ya 532 nm sikufika ndi ma nm atatu omwe. Ndiye fyuluta iyenera kuchoka pa kutseka zonse kufika pa kutsegula zonse mkati mwa kampata kameneko, ndipo chilichonse chikangosuntha pang'ono, kaya ndi laser kaya ndi fyulutayo, chigayo chalowa.

Musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi pezani mboni. Ine ndili ndi kamwala ka quartz koyera mbee kamene sikachoka mu dirowa. Quartz imapereka nsonga yayikulu pa 464, ina pa 206, ina yowonda pa 128. Ya 128 ija ndiye mlonda wanga, ikaoneka bwino m'mawa ndimadziwa kuti tsikulo tigwira ntchito, ikayamba kukwera pa phiri kapena kusowa ndiye kuti china chake chayamba. Ndilinso ndi kachidutswa ka silicon kamene kanabwera ndi makina, kameneka kayenera kugwa pa 520 kapena 521 basi, kakagwa pena ndiye kuti sikelo yasuntha. Mulibe silicon? Mbewu ya Panado imathandiza, paracetamol ili ndi nsonga zodziwika cha pa 651, 858 ndi 1324. Sungani chithunzi cha tsiku limene makina anali bwino, chifukwa popanda chimenecho muzingokangana ndi maso anu kuti kodi kale zinalidi chonchi?

Choyamba kuchita ndi chopusa koma chandipulumutsa kambirimbiri, zimitsani laser, siyani zina zonse momwe zilili, mupime. Mukaona tinsonga laser ili yozima ndiye kuti ndi malaiti a m'chipinda kapena dzuwa lolowera pa windo kapena pa kabowo ka malata. Machubu aatali aja ndiwo oipitsitsa. Ali ndi mercury imene imawala pa 546 nm, ndipo pa makina a 532 imeneyo imagwera cha pa 484, pafupi ndi 464 ya quartz, munthu wothamanga akhoza kulumbira kuti botolo losweka ndi quartz. Pa 785 mzere wa argon, mpweya wa m'machubu momwemo, wa pa 811 nm umagwera cha pa 416, pomwe nsonga ya ruby ndi sapphire ili pa 418, taganizirani ndalama zimene zingapite pamenepo. Mababu a LED savuta kwenikweni pa 785 koma pa 532 amakweza mzere wonse. Mankhwala ake ndi kabokosi kakuda kovundikira, ine ndinangopenta katoni mkati ndi penti yakuda yosanyezimira.

Kenako yang'anani mwalawo. Anyamata athu amakonda kupaka saladi kapena Vaseline kuti mwala uoneke wamadzi, ena amangonyambita pamaso panu. Mafuta amabweretsa nsonga zawo cha pa 1440 ndipo nthawi zambiri amakweza mzere wonse ngati chulu. Apa pafunika kusiyanitsa matenda awiri amene anthu amasokoneza. Kuwala kwa laser kukamadutsa fyuluta, phiri limakhala lalitali kumanzere kwenikweni nkutsika msangamsanga, pofika 300 kapena 400 latha. Koma chulu chachikulu chofalikira skirini yonse ndi fluorescence, ndiko kuti mwalawo kapena litsiro lake likudziwalira lokha, ndipo pamenepo fyuluta ilibe mlandu ngakhale mugule ya mtengo wa galimoto. Tsukani mwala ndi sopo, muumitse, mupimenso. Ngati uli ndi nkhope yosalala ngati kalilole, upendekeni pang'ono kuti kunyezimira kusabwerere molunjika mu lenzi, kapena lowetsani fokasi mkati mwa mwala m'malo moiika pa khungu penipeni. Izi zokha nthawi zina zimadula phiri lija pakati.

Kuti mudziwe kuti phirilo ndi la makina osati la mwala, ikani kafoyilo ka aluminiyamu mbali yosanyezimira ija, mphamvu ya laser ili pansi kwambiri. Chitsulo chimenechi sichipereka nsonga za Raman, chimangobweza kuwala, ndiye chilichonse chimene muone ndi cha makina anu. Koma valani magalasi oteteza maso a laser yanuyo. Ya 785 imapusitsa, diso limangoona kadontho kofiira kofooka pomwe mphamvu yake ikhoza kukhala mazana a ma mW, ndipo diso likapsa mkati palibe sipeya.

Tsopano za Okutobala, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ndinataya ndalama. Laser ya diode ikatentha mtundu wake umasunthira ku ma nm okwera, ngati ilibe choigwira imayenda pafupifupi kota ya nm pa digiri iliyonse, pa 785 ameneyo ndi ma cm-1 anayi. Ndipo mbali imene ikusunthirayo ndi mbali yomwe kuli khomo la edge fyuluta, ija imatseka laser nkutsegula zonse zakumtunda. Ndiye laser ikamatentha ikuyandikira khomo, mchira wake ukuyamba kulowa. Makina abwino ali ndi kachoziziritsa mkati ndi kagalasi komanga mtundu wa laser kuti usamayendeyende, koma kachoziziritsako kamataya kutentha kudzera pa kafani ndi timapiko ta chitsulo, ndiye fumbi la Ogasiti ndi Seputembala likadzaza mmenemo, Okutobala nkubwera ndi dzuwa lake pa malata, kamalephera. Laser imayamba kudumphadumpha, mupima quartz kawiri motsatizana nsonga zili malo osiyana, kapena nsonga imodzi yaoneka ngati mapasa. Chizindikiro chosanama ndi silicon, mmalo mwa 520 mupeza 523 kapena 524, ndipo nsonga zina zonse zasunthira mbali yomweyo mofanana. Kwa ine nditatsegula kumbuyo ndinapeza kafani katavala bulangete la fumbi lofiira, ndinapopa ndi kapampu ka m'manja, ndinasuntha tebulo kuchoka ku khoma la kumadzulo, 128 inabwerera tsiku lomwelo. Fyuluta yatsopano ija inali yopanda ntchito.

Malaiti akayenda nkubwera musayambe kupima pompo. Apatseni makina theka la ola akhazikike. Mukamayendetsa pa jenereta yaing'ono kapena inveta yotchipa, magetsi akamagwedezeka laser nayo imagwedezeka, bola kudutsitsa pa UPS yabwino. Komanso kamera ya mkati ija, detector, ikatentha zimene imawerenga yokha mu mdima zimawirikiza kawiri pa madigiri 6 mpaka 8 aliwonse, ndiye dark, ndiko kuti muyeso wa laser ili yozima, imene munatenga 7 koloko m'mawa singagwire ntchito 14 hours, tenganinso ina. Ine miyala ya ndalama zambiri mu Okutobala ndimapima m'mamawa, wofika masana amadikira kapena abwere mawa, ena amakwiya koma kaya.

Pali kafyuluta kena kamene anthu amaiwala kuti kaliko, ka pakamwa pa laser, amati laser line kapena clean-up. Diode situlutsa mzere umodzi woyera, m'mbali mwake muli chifunga cha kuwala kofooka kofalikira ma nm makumi angapo. Chifunga chimenechi chili kale mbali yotseguka ya edge fyuluta ndiye edge singachiletse, chimagunda mwala nkulowa ngati mlendo woitanidwa. Kafyuluta kaja kakasuntha, kakang'aluka kapena wina anakachotsa pokonza, pa foyilo mudzaona phiri lalitali lotsetsereka pang'onopang'ono mpaka mazana angapo. Ngati makina anu ali ndi chingwe cha fibre, dziwani kuti galasi la chingwecho nalonso limapereka Raman yake, chulu chachikulu cha pa 440 ndi kena cha pa 800, nchifukwa chake kafyulutaka kayenera kukhala kumapeto kwa chingwe, mu probe, kamutu koyang'ana pa mwala, osati koyambirira. Mnzanga wina anamukonzera makina munthu wina nkubwezera kafyulutako mbali yolakwika, mwala uliwonse umaoneka ngati uli ndi galasi mkati, anatsala pang'ono kubweza aquamarine yeniyeni kuti ndi botolo.

Zonsezi zikakhala bwino ndiye mufike pa edge fyuluta. Mafyuluta awa ndi timiyalo tambirimbiri topyapyala tosanjikizana pa galasi, ndipo khalidwe lawo ndi lakuti mukawapendeka, khomo lawo limasunthira ku ma nm otsika, kuyandikira laser. Poyamba limayenda pang'onopang'ono kenako limathamanga, madigiri 5 amapereka pafupifupi nm imodzi pa 785, madigiri 10 amapereka kuposa ma nm atatu, amenewo ndi ma cm-1 opitirira 50. Ndiye kasikuluwu kamodzi kakamasuka, mwina munanyamula makina pa basi kupita nawo ku Lundazi, fyuluta yapendekeka, laser yalowa. Komanso khalidwe lomweli likhoza kukuthandizani. Ngati 128 sikuoneka chifukwa khomo lili kutali, ikani quartz, mphamvu pansi, nthawi yopima yaifupi, muzipotoza pang'onopang'ono ngati mukusaka siteshoni pa wailesi yakale. Mudzaona 128 ikutuluka ikukula, kenako kumanzere kwake phiri liyamba kudzuka, pamenepo bwererani pang'ono mumange. Musakhale adyera kuima pamphepete penipeni, chifukwa mwachunira m'mawa kuli kozizira, masana laser isuntha ndipo mwabwerera pomwe munayambira. Lembani kachizindikiro ndi pensulo musanapotoze, ine tsiku loyamba sindinalembe ndinagona 01 hours.

Fyulutayi iyeneranso kukhala pamene kuwala kukuyenda mowongoka, pakati pa malenzi awiri. Mukaiika pamene kuwala kukusonkhana kapena kumwazika, mbali ina ikudutsa mopendekeka, khomo limakhala losakuthwa ndipo laser imapeza podutsira. Mukaganiza zosanjikiza mafyuluta awiri kuti atseke kwambiri, zimathandiza, koma imodzi ipendekeke pang'ono kusiyana ndi inzake, zikayang'anizana ndendende kuwala kumangoponyerana pakati pawo mpaka kudutsa. Ndipo onani kamuvi kamene kali m'mphepete mwa chitsulo chake, muike monga anenera opanga.

Za Febuluwale ndi nkhani ina, ndi chinyontho. Mafyuluta akale a zokutira zofewa, ndi ma notch aja (otseka mzere wa laser wokha) a holographic opangidwa ndi gelatin, amamwa chinyontho kuyambira m'mphepete. Ichotseni muiyang'ane mopendeketsa pa tochi ya foni, mukaona chifunga m'mbali, timadontho ngati nthomba, kapena timizere ngati ukonde wa kangaude, ameneyo ndi chuku, apo ndiye yafadi ndipo palibe kupotoza kumene kungaidzutse. Kabowo kamodzi kochepa ngati nsonga ya singano nkokwanira kuononga OD 6, pajatu tikulimbana ndi miliyoni. Ma hard-coated amakono, a zokutira zolimba, amapirira kwambiri. Poyeretsa musauzire ndi pakamwa, malovu amapita nawo. Kapampu ka m'manja kaye, zikakanika kapepala ka lenzi ndi kadontho ka isopropyl, kukoka kamodzi mbali imodzi osatikita. Sipiriti ya pepo ya m'mashopu ija ayi ndithu, utoto wake umatsalira pa galasi, ndipo thonje la m'makutu kapena kona ya shati ayinso. Ine nthawi ya mvula ndimasunga probe ndi mafyuluta osagwira ntchito mu kontena ya pulasitiki yotseka bwino muli timapaketi ta silica gel, tija timabwera mu bokosi la nsapato, ndimatiumitsa kaye.

Ndinene chilungamo apa, pa ntchito zambiri za miyala simufunika kutsika kwambiri. Aquamarine ndi beryl, nsonga yake yayikulu ili cha pa 685 ina cha pa 1068, daimondi ili pa 1332, botolo limangopereka zulu zopanda nsonga yakuthwa, zonsezi edge fyuluta wamba yoyambira pa 150 kapena 200 imazionetsa popanda vuto. Kutsika kumafunika mukafuna kusiyanitsa zinthu zofanana kumtunda, monga calcite ndi aragonite zimene zonse zili ndi nsonga cha pa 1085, koma pansi calcite ili ndi 282 pomwe aragonite ili ndi 206, kapena mukasaka anatase imene nsonga yake yamphamvu ili pa 144. Ndiye musavutitse fyuluta kuti ikuonetseni 30 pomwe anaipangira 150, imeneyo si matenda, ndi msinkhu wake. Ofuna kufika pa 10 amagwiritsa ma Bragg notch, magalasi olembedwa mizere mkati mwenimweni, amaika awiri kapena atatu motsatizana chifukwa imodzi payokha sitseka mokwanira, ndipo iliyonse imafuna kuchunidwa mosamala kuposa edge, laser nayo ikhale yosayendayenda ngakhale pang'ono. M'chipinda cha malata chopanda eyakoni mungalire nawo.

Ubwino wa notch ndi woti imatsegula mbali zonse ziwiri za laser, ndiye muli ndi njira yogwirira bodza. Kansonga keniyeni ka pa 50 kayenera kukhala ndi mnzake pa 50 mbali inayo, wofookerapo pang'ono, ameneyo ndiye anti-Stokes. Kakakhala mbali imodzi yokha, kapena mtunda sukufanana, ndi ka makina. Mukatsika pansi pa 150 nkupima nthawi yaitali mukhozanso kuona timano tambiri tondondozana ngati chipeso, musadabwe, umenewo ndi mpweya womwe tikupumawu, nitrogen ndi oxygen, laser ikudutsamo isanafike pa mwala. Ndipo kansonga kowonda ngati singano kamene katuluka kamodzi, mukapimanso kasowa kapena kali pena, ndi cosmic ray, kambewu kochokera kumlengalenga, yagunda kamera, pimani kawiri katatu musanauze kasitomala chilichonse.

Pali anzathu a Brillouin, njira ina yopimira kuwala kosuntha pang'ono kuposa kwa Raman, amene akamva ife tikudandaula za 128 angaseke. Iwo amapima kusuntha kwa ma GHz, madzi pa laser ya 532 amapereka cha pa 7.5 GHz, pomwe cm-1 imodzi ndi 30 GHz, ndiye kuti akusaka kota ya cm-1. Kumeneko fyuluta ya galasi lokutidwa ilibe mawu, amagwiritsa zida zina zolekanitsa kuwala zotchedwa Fabry-Perot kapena VIPA, ena amadutsitsa kuwala mu kabotolo ka nthunzi ya iodine pa 532, kapena ya rubidium pa 780, nthunziyo imameza mzere wa laser wokhawokha nkusiya za m'mbali. Koma nawonso laser ikangosuntha pang'ono kuchoka pa mzere wa nthunziyo chigayo chalowa, matenda ake ndi omwewa a Okutobala.

Mukatsimikiza kuti fyuluta yafadi nkufuna kuitanitsa, musangolemba kuti ndikufuna ya 785. Yambani mwadziwa pomwe laser yanu ili kwenikweni, zina zolembedwa 785 zimakhala theka la nm uku kapena uko, ndipo theka la nm ndi ma cm-1 asanu ndi atatu. Funsani wogulitsa girafu ya fyulutayo, OD yake pa mzere wa laser, khomo lake mu ma cm-1, ngodya imene anaipangira chifukwa ya madigiri 0 ndi ya madigiri 45 sizilowana, komanso ngati ndi hard-coated. Ndipo pimani kachogwirira ndi vernier musanalipire, kukula ndi kukhuthala komwe. Ine ija ndinaitanitsa mosafunikira inabwera ya 25 mm pomwe mpando wake ndi wa 12.5 mm, ndinachita kukapangitsa kamphete kwa wosula zitsulo cha ku Kapata kuti ndingoiyesa, mpaka pano ili mu kontena muja ndi silica gel.